Zimene Kanyerere Ankatuta

7 Febuluwale

Okondedwa akulu anga,

Ndiyambe ndi moni. Muli bwanji kumeneko, inu ndi alamu? Nanga mwana wanga Kanyerere ali bwanji? Ine kuno ndili bwino, kungoti phokoso la magalimoto sindinalizolowere.

Ntchito ndinayamba Lolemba. Ndi sukulu ya mkaka ya ana makumi awiri ndi anayi, ndipo wamkulu wa onse ali ndi zaka zinayi. Ine sindiphunzitsa ayi, chonde musamauze anthu choncho. Ndimatsuka makapu, kusintha matewera, kupukuta mamina, ndi kuyala timatilesi masana kuti ana agone. Andipatsa kachipinda kuseri kwa khitchini. Muli bedi, msomali wopachikapo zovala, ndi zenera limene silitseguka. Mwini sukulu, amene tonse timawatchula kuti Madamu, ananena tsiku loyamba lomwelo kuti wantchito saloledwa kukhala ndi mwana wake pano. Ndinayankha kuti ndamva.

N'chifukwa chake ndikukuthokozaninso pomulandira mwanayo. Ndikudziwa kuti chipinda chanu chosokeramo n'chaching'ono, ndipo mwana wa zaka zitatu sakhazikika. Chonde kansalu kake kofiirira kaja musakataye ngakhale kakuoneka kakuda. Akafuna kulira amakayamwa kunsonga n'kutonthola yekha.

Kalatayi ndapatsira kondakitala wa basi ya m'mawa. Mukayankha mupatsire yemweyo. Mundiuze ngati akudya, ngati akusewera ndi anzake, ndiponso ngati amandifunsa.

Ndine mng'ono wanu.

17 Febuluwale

Iwe Namanyazi,

Moni. Tilipo. Kalata yako ndaiona, mizere yowongoka ngati unalemba ndi rula. Ndithu pulayimale ija sinapite pachabe.

Wafunsa za kamwana kako. Kakudya, kakunenepa, ndipo kandisandutsa dzala. Amene anakapatsa dzina lakuti Kanyerere anali mneneri. Tsiku lonse kamakhala pansi pa tebulo la makina, kakusanja tizidutswa ta nsalu, kukamwa kotseka ngati mayi wake. Koma ukangokaiwala, umangoona chinthu chagwera pamiyendo pako.

Lachiwiri ndinkasoka diresi loyera la mayi abusa. Kanatuluka pansipo, kanaika chisanza chake chija pamwamba pa diresilo, chonyowa ndi malovu, kenako n'kumandikankhira kukamwa. Kukamwa kwanga ine! Ndinachiponya panja. Kanapita, kanakachitola, kanabwera nachonso. Lachinayi unali buledi wolumaluma, wopaka majarini, ndipo anagwera pa diresi lomwelo, pachifuwa penipeni. Mayi abusa atabwera anayang'ana bangalo, anayang'ana ine, n'kunena kuti atikumbukira m'mapemphero. Diresi anasiya.

Ndiye ndifunse: iwe ndi malemu bambo ake munkam'phunzitsa kuti munthu wamkulu ndi potayira zinyalala? Ana a anthu ena akamakhuta amapatsa galu. Wako amapatsa amayi ake aakulu.

Wafunsanso ngati kamakufunsa. Ayi. Kali ndi ntchito yambiri.

Akulu ako.

25 Febuluwale

Okondedwa akulu anga,

Moni. Ndikhulupirira mwadzuka bwino. Kalata yanu ndaiwerenga katatu. Pepani kwambiri chifukwa cha diresi la mayi abusa.

Ndaganizaganiza za kansaluko. Mwina akufuna kuti mumuchapire. Za buledi, mwina akumuuma kukhosi; ine ndinkamuviikira m'tiyi, makamaka akalira. Sindikunena kuti simudziwa kusamala mwana. Ndikungoganiza chabe.

Ndinafuna kufunsa nzeru kwa Madamu, popeza iwo ali ndi satifiketi yopachika pakhoma, koma nditafika pakhomo la ofesi ndinabwerera. Ndangoonerera mmene amachitira. Ali ndi chipepala chachikulu cha mayina a ana. Mwana akagawira mnzake chidole, amamumatira nyenyezi. Akamenya mnzake, amamuimika pakati n'kumuuza kuti anene kuti pepa. Ana aphunzira msanga. Pali kamtsikana kena kamene kamayamba kanena kuti pepa, kenako n'kumenya. Ena amagawana zidole Madamu akalowa, akangotuluka n'kulandana. Makolo akabwera madzulo amawerenga nyenyezizo n'kumagwedeza mitu ngati abereka angelo. Ine ndimangotola makapu.

Simunandiuze za alamu. Kodi akuyendabe maulendo aatali aja ndi lole? Muwapatse moni.

Ndine mng'ono wanu.

14 Malichi

Namanyazi,

Moni. Zikomo kwambiri, adokotala a ana, chifukwa cha malangizo. Mwezi umodzi wotsuka makapu, wayamba kale kuphunzitsa anthu kuviika buledi. Chikatha chaka udzatiphunzitsa kupuma.

Chisanza ndinachapa. Buledi ndinaviika. Tsopano tamva zotsatira zake. Kamwana kako kasiya kututa zake, kayamba za eni.

Ukulikumbukira khomo loyandikana ndi langa, la kalipentala? Mkazi wake ali ndi khanda lija limalira ngati mbuzi yomangidwa. Loweruka anasiya botolo la mkaka pampando wa pakhonde n'kupita pampopi. Pobwera, botolo palibe. Anafufuza mdadada wonse, khanda likung'ambika kukhosi. Anadzalipeza pati? Pamiyendo panga, ine ndili pamakina, kamwana kako kataima pambali kakundikoka chibwano kuti nditsegule pakamwa. Mayiyo anaseka, koma kuseka kwa mano okha.

Lachitatu kanalanda chidole cha mwana wa wamakala, mwanayo atangotonthola nacho kumene. Kanabwera nacho kwa ine kakuthamanga, mwini wake akukuwa pambuyo. Panopa ndikafika pampopi azimayi amakumbatira zidebe zawo. Wina dzana anafunsa mokweza kuti, "Kodi atelala, mumachita kumutuma, kapena ndi luso lobadwa nalo?" Onse anafa nako kuseka. Nditafika m'nyumba ndinakakwapula ndi tepi yoyezera. Sikanalire n'komwe. Kanangondiyang'ana m'maso ngati wodwala ndine.

Azakhali ake, mlongo wa malemu mwamuna wako uja, alemba kawiri kuti akufuna mwana wa mchimwene wawo. Ndinkawakaniza chifukwa cha iwe. Tsopano ndayamba kuganiza kuti mwina mapemphero a mayi abusa aja akuyankhidwa kudzera mwa iwo. Undiuze maganizo ako msanga.

Akulu ako.

20 Malichi

Okondedwa akulu anga,

Moni.

Chonde musam'pereke kwa azakhali ake. Munalipo pa maliro pamene ananena kuti mwanayo akadzangolowa pakhomo pawo, ine ndizidzamuonera pa chithunzi. Amakhala ulendo wa masiku awiri, ndipo sanena zinthu zoseka.

Dzulo ndinalimba mtima n'kulowa mu ofesi ya Madamu. Mawu ndinawalemba kaye papepala kuti ndisaiwale. Ndinapempha kuti mwana wanga azigona nane m'kachipinda kaja, masana azikhala pakona osasokoneza aliyense. Anavula magalasi n'kundifunsa chifukwa chake. Ine wopusa ndinanena zoona. Anati, "Mwana wotola zinthu za eni? Mtsikana iwe, pano timaumba khalidwe, sitiweta mbava." Ananena zimenezi atakhala pansi pa chipepala cha nyenyezi chija, kunja kamtsikana ka pepa kaja kakuluma mnzake khutu. Ndinathokoza n'kutuluka.

Ali ndi ine sanatengepo kanthu ka munthu. Sindikumvetsa chimene chamulowa. Ndikupempha mum'sunge mpaka sukulu itatseka, ndidzafune ntchito ina yololeza mwana.

Nanga alamu akuti bwanji pa nkhaniyi? Iwo ankam'konda, ankamunyamula paphewa.

Ndine mng'ono wanu.

7 Epulo

Namanyazi,

Moni, ngati moni amafikabe m'tauni. Masabata atatu ndadikira yankho lako, kuli zii. Ndaona kuti nkhani ya azakhali sinakukhudze, ndiye ndakuthandiza kuganiza.

Tamva chimene mbava yako yaba tsopano. Yaba mwamuna wa mwini.

Lachisanu masana ine ndili pamakina, kanatuluka osandiuza. Kanapita pa shedi ya kalipentala, kanamugwira ovolosi yake yabuluu ija, n'kumamukoka. Bamboyo, mutu wodzaza utuchi kunja ndi mkati momwe, anaganiza kuti mwina ndagwa kapena nyumba ikupsa. Anatsatira, chopalira matabwa chili m'manja. Kanamulowetsa mpaka m'chipinda chosokeramo, kanatenga dzanja la bamboyo n'kuliika paphewa panga, n'kunena kuti, "Ndabwera nawo." Mawu oyamba kutuluka m'kamwa mwake sabata yonse! Kenako kanatuluka, n'kutikokera chitseko bwinobwino.

Mkazi wake anali pampopi, anaona zonse. Anabwera khanda kumsana, chidebe m'manja, mdadada wonse pambuyo pake. Zambiri zimene ananena sindilemba, pepala lingapse. "Botolo lija munkayesera chabe eti, atelala? Mumayamba ndi tating'ono?" Kalipentala ankangoti, "Mayi a mwana, tamverani, ndi mwanayu, ndi mwanayu," chopalira chili m'mwamba ngati akulumbira kukhoti. Mkazi wake anati, "Khalani chete inu, mwana wa zaka zitatu wakukokani ngati ngolo, miyendo inali ya ndani?" Wamakala anachita kusiya makala ake kudzaonerera. Anthu atatu abwera kale kudzatenga nsalu zawo zisanasokedwe.

Zaka khumi ndi ziwiri ndakhala pa mdadada uno popanda wondiloza chala. Kanthu kosafika ndi patebulo pomwe kandivula pagulu m'miyezi iwiri.

Azakhali ake ndawalembera. Abwera Loweruka pa 26 mwezi uno. Zovala zake ndachapa kale. Usavutike kuyankha, ndaona kuti inki yadula kumeneko.

Akulu ako.

14 Epulo

Okondedwa akulu anga,

Moni. Ndinayankha pa 20 Malichi. Kondakitala wandiuza lero kuti kalatayo anaiiwala m'thumba la jekete, jeketelo n'kuchapidwa. Ndaiika pamodzi ndi ino. Yasuluka koma ikuwerengeka.

Ino ndailemba kanayi ndi pensulo ndisanailembe ndi cholembera. Ngati ndalakwitsa, mundikhululukire.

Kalata yanu ndinailandira Lachinayi, nthawi yogoneka ana. Ndinaiwerengera m'khitchini, ndipo ndinalira. Sindinatulutse mawu. Ndinatsegula mpopi kuti madzi azisokosa. Madamu anadutsa kawiri osaona kanthu. Koma kamtsikana koluma anzake kaja kanadzuka pamatilesi, kanaima pakhomo n'kumandiyang'ana. Kanachoka, kanabwera ndi nsapato yake imodzi. Ndi nsapato yoyaka timagetsi ikaponda pansi, ndipo sikalola munthu aliyense kuikhudza. Kanaiika pamiyendo panga n'kudikira. Nditapitiriza kulira, kanakasolola kapilo kamene mwana wina amakumbatira akamasowa amayi ake, n'kubwera nako. Palibe anakatuma. Panalibe woti akamatire nyenyezi.

Ndinakhala ndi nsapatoyo m'manja, ndipo ndinayamba kukumbukira zimene munalemba, chimodzichimodzi. Kansalu ndi kamene kamam'tontholetsa Kanyerere. Buledi ndi amene ndinkam'patsa akalira. Zake zitakanika, anayang'ana zimene zimatontholetsa ena, botolo la khanda ndi chidole cha mwana wa wamakala. Sanatengepo sopo, supuni kapena sikono pakhonde la munthu. Sanabisepo kanthu. Zonse anabwera nazo kwa munthu mmodzi.

Munthu wolowa pakhomo panu amaona msana wanu n'kumva makina. Iye amakhala pansi pa tebulo. Amaona nkhope yanu.

Ovolosi yabuluu ngati ya kalipentala ija alamu anali nayo. Ndawafunsa m'makalata onse, inu simunawatchule ngakhale kamodzi. Ndinkayesa mwangoiwala chifukwa cha mkwiyo.

Akulu anga, ndani amalira m'chipinda chosokeramo?

Ine ndilibe mphamvu yokuletsani. Munam'sunga pamene ndinalibe kolowera, ndipo sindidzaiwala. Ngati mwatopa, mwatopa. Koma musam'pereke ndi dzina la mbava, chifukwa kumene akupitako dzina limenelo adzakula nalo.

Ndine mng'ono wanu.

28 Epulo

Namanyazi,

Moni. Makalata ako onse awiri anafika, ina ikununkhira sopo.

Ndiye wasanduka wapolisi. Munthu amene ankabisala kuseri kwa chitseko alendo akabwera, lero akufufuza misozi ya akulu ake ali kutali ulendo wa tsiku lathunthu. Chabwino, lemba m'kabuku kako. Alamu ako anachoka sabata imene iwe unapita. Lole ija inapeza poima pena. Pali mayi wina wogulitsa tiyi pamalo opumira madalaivala, ndipo akuti ali kale ndi pakati. Ine zaka khumi ndi ziwiri, palibe ngakhale wopita padera. Anthu ndinkawauza kuti bambo ali paulendo wautali, ndipo sikunali kunama. Misozi ikabwera ndinkangopalasa makina mwamphamvu. Ndinabisira azimayi makumi awiri a pampopi, anthu odziwa chimene chaphikidwa m'nyumba iliyonse chivundikiro chisanatsegulidwe, n'kudzagwidwa ndi kanthu kosatha kupukuta mamina ake.

Nzeru zakozo sindinangozimeza. Ndinaziyesa. Ndinaphimba nkhope ndi manja n'kulira mokweza, "Hii, hii, mayo ine!" Kanasuzumira kuchokera pansi pa tebulo, kanaseka, n'kubwerera ku tinsalu take. Ndinachita manyazi ngati ndagwidwa ndikuba ndine.

Usaganize kuti ndinasintha maganizo. Loweruka chikwama chinali pakhomo. Azakhali anafika m'mawa, ndi ambulera ndi nsapato zogogoda, ndipo sanakhale pampando mpaka nditaupukuta. Anakayang'ana kamwanako ngati akugula mbuzi pamsika, mano okha ndi amene sanatsegule.

"Mbiri yake ndaimva," anatero. "Magazi a kuchikazi amenewo, kwathu kulibe. Koma musadandaule, timanjato tikalawa lamba sabata imodzi tiwongoka. Bwera kuno, iwe."

Kamwanako sikanasunthe. Azakhali anatambasula dzanja kuti akakoke.

Sindikudziwa chimene chinandilowa. Ndinangomva pakamwa panga pakunena kuti, "Musanam'gwire, amayi, ndikuuzeni. Ali ndi mphere. Thupi lonse. Achipatala akuti ndi zija zopatsirana msanga, makamaka kwa akuluakulu."

Dzanja lija linabwerera pa ambulera. Anakayang'ananso, khungu losalala, lonyezimira ndi mafuta amene ndinakadzoza ndekha m'mawa womwewo.

"Mphere zake zili pati?"

"Zimabisala, amayi."

"Mphere zobisala? Ndakula ine, sindinazimvepo."

Ine thukuta kamukamu. Kamwana kako kanakweza mutu, kanandiyang'ana nkhope nthawi yaitali. Kanayang'ana chikwama, kanayang'ana azakhali ake. Kenako kanayamba kukanda. Mkono, m'khosi, pamimba, m'mutu, ndi manja onse awiri, nkhope itakwinyika ngati ya nkhalamba. Kanayenda kakukanda choncho kulunjika kwa azakhali ake, kakukweza manja kuti akanyamule.

Mayi aja anakumbukira mwadzidzidzi kuti basi yobwerera imanyamuka msanga Loweruka. Tiyi sanamwe. Anatuluka chammbuyo, ambulera ili kutsogolo ngati akuthamangitsa galu, ndipo pamsewu anaima n'kudzikung'untha diresi. Akuti adzabwera mwana akachira. Adzachira ine ndikadzanena.

Mkazi wa kalipentala sakundilankhulabe. Asiye, mawu ake sindisokera.

Sukulu ikatseka ubwere udzamuone, koma usabwere ndi chikwama chom'tengera. Ndipo usanyade. Mwana amene unandisiyira sanali mbava, chimenecho ndavomera. Koma panopa m'nyumba muno muli wabodza wa zaka zitatu, ndipo ameneyo sunganene kuti watengera iwe kapena malemu bambo ake. Ameneyo ndi wanga.

Akulu ako.